Maiko Onse, Kupatula Kwathu

Chimanga chinali chitangouma kumene, ndiye pachigayo pa bambo anga panali mzere. Azimayi a m'midzi yoyandikana anandandalika madengu awo kuyambira pakhomo mpaka pamtengo wa mapichesi, eni ake n'kukakhala pamthunzi kumacheza. Ine ntchito yanga inali kugwira thumba potulukira ufa. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Pofika masana ndinkakhala nditayera mbuu, tsitsi, nsidze, mpaka m'makutu. Anthu sankanditchula Rozina. Ankangoti mwana wa pachigayo.

Tamanda mwana wanga, ndikulemba izi kuno ku Swords, pafupi ndi Dublin ku Ulaya, ndege zikudutsa padenga monga mwa masiku onse. Unandifunsa chifukwa chake sitinawoloke msewu uja. Unafunsa m'Chingerezi chakocho, ine n'kukuyankha kuti udye kaye. Yankho lake ndi ili. Udzaliwerenga ukadzakula, ndipo udzaliwerenga m'Chichewa, ufune usafune.

Kwathu ndi ku Mozambique, chigawo cha Tete, kufupi ndi malire a Malawi. Chichewa chathu ndi chomwechi. Nthawi imeneyo m'mapiri munali anyamata a mfuti, ndipo mumsewu munkayenda asilikali pa malole. Wailesi inkati dziko lili pamtendere. Onsewo ankadya, ndipo chimanga chawo chinkafika pachigayo pathu pamitu ya akazi. Bambo sankafunsa kuti dengu ili ndi la yani.

Injini ya chigayo imagonthetsa makutu. Lole sitinaimve. Nditasuzumira panja kuti ndiitane wotsatira, ndinaona madengu ali pamzere bwinobwino, koma eni ake palibe ndi mmodzi yemwe. Nkhuku zinali zitakwera kale padengu loyamba.

Analowa asilikali atatu. Mmodzi anazimitsa injini, kunangoti zii.

Wa patsogoloyo ndinkamudziwa. Anali ndi mpata pamano. Ankabwera pa njinga yamoto masiku a msika, atavala ngati munthu wamba, n'kumacheza ndi bambo za mitengo ya dizilo. Bambo anamupatsapo mpando, ine ndinamutungirapo thobwa. Tsikulo anavala yunifolomu ndipo sanapereke moni.

Anawafunsa bambo kuti amagayira ndani. Bambo anapukuta manja pa ovolosi yawo nati, "Bwana, chimanga chilibe chipani." Amenewo ndi mawu awo omaliza amene ndinawamva bwino.

Anadula lamba wa injini ndi mpeni wa kumfuti. Lamba wa chigayo ndi wokhuthala ndiponso wolemera, ine sindinkatha kumunyamula ndekha. Anawagoneka bambo chafufumimba pamatumba. Lamba akatera, ufa unkabuka m'mwamba. Ankasinthana, wina akatopa n'kupatsa mnzake. Kenako matumba ananyowa ndipo ufa unasiya kubuka.

Ndinakuwa. Wa mpata uja anatembenuka n'kundimenya pakamwa ndi thako la mfuti. Mano awiri apatsogolowa, amene umati ndi oyera kuposa anzake, anandiika ndi dokotala wa ku Drumcondra, mu Dublin muno. Anga enieni anatsala pansi m'chigayo. Anandigwira tsitsi nati nditchule mayina a eni madengu onse. M'kamwa munali modzaza magazi, ndiye mawu sanatuluke. Anandikankhira pakona nati ndidikire, amalize kaye ndi mkuluyu.

Kuseri kwa injini kunali kabowo pansi pakhoma, kotayira madeya. Nkhumba zathu zinkadyera pamenepo. Iwo ali kalikiliki kuthira dizilo pamatumba, ine ndinayang'ana bambo. Anali atatembenuzira nkhope kwa ine. Diso limodzi linali litatsekeka. Linalo linayang'ana kabowoko, kenako ine, kenako kabowoko. Ndinakwawa. Khoma linandisupula msana ndipo ndinagwera m'matope a nkhumba.

Ndili m'nthochi ndinamva mfuti kawiri. Kenako kunabwera fungo la dizilo ndi chimanga chopsa. N'chifukwa chake tikapita kukanema umagula wekha mbuliwuli zija, ine n'kumakudikira panja.

Amayi anali kudimba limodzi ndi mkulu wanga Jasinta, amayi ako aakulu aja. Jasinta anali atabereka mwana wake wakhanda, Lusia. Utsi anali atauona kale. Amayi sanandifunse za bambo. Sanayang'ane ngakhale pakamwa panga. Anayang'ana mutu. "Ufawu ukuphetsa," anatero. Anandigwetsera m'ngalande ya dimba n'kundipaka matope mutu wonse, nsidze, m'makutu, mwamphamvu ngati akukwecha mphika. Apo ndi pamene ndinadziwa kuti adziwa.

Mudzi tinauonera paphiri. Nyumba za udzu sizichedwa kutha. Nkhokwe zimachedwa, zimafuka tsiku lonse. Nkhumba zathu zinali zitathawira m'khola ndipo khola linagwira moto. Kulira kwake kunamveka mpaka paphiripo, kenako kunaleka.

Pabwalo panali nkhalamba ina yosaona, ikuyenda manja ali patsogolo, ikuitana mdzukulu wake. Msilikali anaidutsa. Anayenda pang'ono, n'kuima, n'kubwerera. Amayi anandiphimba maso mochedwa.

Tinayenda m'tchire, kupewa njira. Tinkakumba mbatatesi ndi manja m'minda ya eni n'kumadya zaziwisi. Ine pakamwa panali patatupa, sindinkatha kutafuna. Amayi ankatafuna n'kumandipatsa, monga amachitira ndi khanda. Ndinkachita manyazi, koma ndinkameza.

Anthu ena anatiphatikiza m'njira mpaka tinakhala kagulu. Bambo wina wosenza njinga anafunsa ngati taona banja la pachigayo. Anati asilikali akulifunafuna, makamaka kamtsikanako, ndipo woyenda nalo afa nalo. Amayi anati sitikulidziwa. Anayankha akuyang'ana matope a m'mutu mwanga, ndipo titafika pachithaphwi anandipakanso ena.

Mawa lake m'mawa tinagwa m'manja mwa anyamata a m'mapiri aja. Usaganize kuti iwo anali abwino. Anatikhazika pansi m'munda wa nyemba n'kutilanda chilichonse chodyedwa. Anasankha amuna awiri amphamvu oti akawanyamulire katundu. Mwamuna wachitatu anamunena kuti ndi kazitape chifukwa anali ndi foni m'thumba. Anamudula khutu tikuona, n'kumuuza aligwire yekha m'manja. Iye analigwiradi, osalitaya.

Mmodzi wa iwo anaima pa ine. Anandikweza chibwano ndi mfuti n'kufunsa kuti msungwanayu ndi wa yani. Amayi anayankha osakweza maso. Anati ndine wawo, ndili ndi khunyu, ndagwera pamwala dzulo ndipo ndikhoza kugwanso nthawi iliyonse. Kwathu anthu amaopa khunyu, amati amapatsirana. Mnyamatayo anabwerera m'mbuyo n'kupukuta mfuti yake paudzu.

Masana tinafika pamtsinje. Madzi anali m'chiuno. Tili pakati, mfuti zinayamba chakumtunda. Sindidziwa kuti anali a mbali iti, ndipo sindinafunsepo. Bambo wa njinga uja anali patsogolo panga. Anangokhala pansi m'madzi, njinga n'kumuphimba, gudumu likuzungulirabe. Madzi ankadumphadumpha ngati kukugwa matalala. Mayi wina anataya mwana wake wamkulu pa dzanja, n'kubwerera kukamutenga, ndipo onse awiri sanatuluke. Amayi anandikoka mpaka m'bango.

Jasinta anatuluka wamoyo. Tinathamanga mpaka mfuti zinatsala kutali. Lusia sanalire, ndipo ine mumtima ndinkati koma mwana wanzeru uyu. Amayi ndi amene anaona chitenje kumsana. Anati, "Jasinta, ima, umasule mwana." Jasinta anakana. Anati akugona. Anayendabe, magazi akutsikira m'miyendo mwake, ife tikumutsata, mpaka dzuwa linapendeka.

Atamasula, tinaona kuti chipolopolo chinathera mwa mwana. Pamsana pa Jasinta panali kachilonda kokha, kangati kokandidwa ndi minga.

Tinakumba ndi ndodo ndi manja pansi pa mtengo wa masuku. Dothi linali louma. Dzenje silinazame, ndiye tinaunjika miyala pamwamba chifukwa cha afisi. Mkaka unali kunyowetsa bulauzi ya Jasinta. Palibe anaimba.

Malire ndinkawaganizira ngati mpanda wa waya, wokhala ndi chipata ndi alonda. Ha! Ndi msewu wa tara basi. Pa Lizulu mbali ino ndi Mozambique, mbali inayo ndi Malawi, ndipo tsiku limene tinafika linali la msika. Kabichi, tomato, mbatatesi milumilu. Wailesi ikuimba pagolosale. Anthu akuwoloka uku ndi uku, akukangana mitengo. Ife tinatulukira ndi matope ndi magazi ouma, kondakitala wa minibasi n'kutifunsa ngati tikupita ku Dedza.

Amayi anandigwira dzanja n'kuwoloka nane. Anandipereka kwa mayi wina wogulitsa kabichi, amene ankapemphera naye mpingo umodzi kale. Kenako anamasula chitenje n'kuchimanganso mwamphamvu, ndipo ndinadziwa kuti akubwerera. Anati mafupa a bambo sangagone paphulusa ngati a nkhuku. Anati Jasinta ali ndi mwamuna woti akamufunefune, akamuuze za mwana.

"Koma iwe munthu uja wakuona nkhope," anatero. "Msewu uwu usadzauwolokenso. Kaya umve kuti ndadwala, kaya umve kuti ndafa. Wamva?"

Sindinathe kuyankha ndi pakamwa potupa. Anandigwedeza phewa mpaka ndinavomera ndi mutu. Anawoloka awiriwo. Lole ya matabwa inadutsa pakati pathu, ndipo itatha kudutsa anali atalowa kale m'chigulu cha anthu.

Za kumsasa wa othawa nkhondo sindikamba pano. Za ku Joni, kumene ndinkatsuka mbale mpaka tsiku limene anayamba kuotcha mashopu a alendo mumsewu wathu, nazonso zisiye. Ndinafika ku Dublin ndi jekete ya munthu wina. Nkhani ya chigayo ndinaikamba kwa mayi wachizungu wa ku ofesi ya othawa kwawo, kudzera mwa womasulira wa ku Chipata amene anaima kawiri kuti amwe madzi. Atandifunsa ngati ndili ndi umboni, ndinangotsegula pakamwa. Ndinadikira zaka m'hotela yakale, akazi anayi chipinda chimodzi. Mapepala anatuluka. Iwe unabadwa pambuyo pake.

Munthu wolandiridwa ngati wothawa kwawo sayenda ndi pasipoti ya kwawo. Amamupatsa kabuku kabuluu koyendera. Kanga katabwera pa positi ndinakanunkhiza kaye, kenako ndinakatsegula. Mkati munalembedwa kuti kamagwira ntchito m'maiko onse, kupatula Mozambique. Ndinaseka ndekha m'khitchini. Eti ndikhoza kupita ku Japan, ine mwana wa pachigayo! Ku Japan ndikatani? Pasipoti yako ndi yofiira, ya dziko lino, ndipo ilibe kupatula kulikonse.

Nkhondo inatha mwakachetechete monga inayambira. Amayi ndi Jasinta anasamukira pafupi ndi Lizulu, mbali ya Mozambique, kumene alamu anga a Domingo, mwamuna wa Jasinta, anatsegula kachigayo kena. Lamlungu lililonse tinkaonana pafoni. Amayi ankavala duku yawo ya kutchalitchi, n'kumakuwa ngati ndili kudimba. Ine ndinkati basi, zimenezi zikwanira.

Tsiku lina Jasinta anaimba foni ndili pa shifiti kunyumba ya okalamba ku Drumcondra, ndikudyetsa phala gogo wa eni. Anati amayi agwa ndi sitiroko, mbali imodzi yafa ndipo mawu akutuluka movutika. "Bwera," anatero. "Ukusambitsa amayi a azungu kumeneko, ako akununkha." Mawu amenewo anandibaya, ndipo sindinamukhululukire msanga.

Loya wanga sanazungulire. Anati munthu akabwerera kudziko limene anathawa, boma limatha kufunsa ngati akufunikirabe chitetezo, ndipo mapepala amatha kulandidwa. Anati ndidikire kaye unzika. Ndinamuthokoza mwaulemu. Sitiroko sidikira unzika.

Anti Eneless, a ku Ntcheu aja amene timagwira nawo ntchito, anandipanikiza pa basi yobwerera ku Swords. "Iwe Rozina, usapuse. Pa Lizulu ine ndimawoloka kukagula tomato, palibe wodinda kanthu. Adziwa ndani?" Titadutsa pabwalo la ndege anandigwira bondo. "Komatu mafoniwa, mwana wanga. Wina akangokujambula, mawa uli pa gulu lathu lonse la pafoni. Ndipo ife a mu Dublin muno chinsinsi timasunga ngati dengu kusunga madzi."

Ndinamufunsanso Jasinta za msilikali wa mpata uja. Anati alipo, wanenepa, amayendabe m'misika pa njinga yamoto. Anthu amamupatsa moni.

Kabuku kabuluu sikaletsa Malawi. Ndinapempha viza ngati mlendo wodzaona nyama, ndipo inatuluka. Tinakwera ndege iwe ndi ine. Unali ndi zaka zisanu, ndipo unafunsa njira yonse ngati agogo ali ndi galu.

Msika wa pa Lizulu unali womwewo. Tinaima mbali ya Malawi, pakhonde la golosale. Jasinta anawoloka akuthamanga, tinakumbatirana, anakunyamula, anandiseka mano. Kenako analoza tsidya. "Ndi denga lija, pansi pa mabulugamu." Ndinkaliona bwinobwino, ngakhale utsi wa kukhitchini. "Tiye," anatero, atanyamula kale chikwama changa.

Ndinati sindiwoloka. Ndinati akawatenge amayi.

Jasinta anaika chikwama pansi. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Wachoka ku Ulaya, wadutsa nyanja, ukulephera msewu umene mbuzi zikuwoloka? Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka! Mayi ako sayenda, iwe. Ukufuna tiwanyamule ngati thumba la kabichi chifukwa cha kabuku?"

Anthu anasonkhana. Mayi wina anati ndi matama a ku Ulaya amenewo. Wina anati dziko lapita, ana a masiku ano. Mwamuna wina anali atakweza kale foni m'mwamba, akujambula. Ndinalira, koma ndi mkwiyo. Ndinkafuna kumumenya Jasinta, ndinkafunanso kumugwadira. Iwe unandikoka dzanja n'kundiuza kuti kuno kulibe kamunthu kobiriwira ka pa maloboti, tingowoloka basi.

Phazi langa linafika patara. Sindikunamiza. Denga lija linali pafupi kuposa mmene sitolo ilili ndi nyumba yathu ino. Koma ndinaganiza za bedi lako ku Swords, sukulu yako, jekete yako pa msomali. Mapepala anga akalandidwa, iwe nzika ya zaka zisanu ukatsala ndi ndani? Njinga yamoto inadutsa ndipo ndinapeza ndikuyang'ana woyendetsayo pakamwa. Ndinabweza phazi.

Jasinta anawoloka yekha osatsanzika. Anthu anabalalika pang'onopang'ono atatha zonena. Tinakhala pakhonde. Ndinakugulira tchipisi cha pachiwaya, unadya n'kudandaula mchere. Ine ndinkayang'ana denga. Ndinkati ndayenda ulendo wonsewu kudzaona malata, ndipo amayi afa akudziwa kuti ndinafika pamsewu n'kuwakana. Dzuwa linafika paliwombo, n'kuyamba kupendeka.

Unaona ndiwe. Unaloza n'kunena kuti ng'ombe.

Inali ngolo ya a Domingo, yonyamulira matumba kuchigayo. Iwo anali patsogolo, atagwira ng'ombe pachingwe. Jasinta ankayenda pambali, dzanja lili m'ngolo. Anatsika kanjira ka m'mabulugamu, n'kudutsa pakati pa milu ya kabichi, n'kukwera patara. Ng'ombe sizifulumira. Minibasi inaliza huta. Lole yaikulu inaima ndi mabuleki olira, dalaivala akutukwana pawindo. A Domingo sanacheuke n'komwe.

Jasinta anafika kwa ine maso ali psuu. Mawu ake anali atatsika. Anati atalowa m'nyumba anawauza amayi kuti mwana wanu wa ku Ulaya uja wakana kuwoloka. Anati amayi anakweza mutu pamphasa, ndi pakamwa pawo pokhota paja, n'kunena momveka bwino koyamba chigwereni.

"Wamva. Mangani ng'ombe."

Ndinakwera m'ngolo. Anali atagona pamatiresi, aang'ono kuposa mmene foni inkaonetsera. Duku inali itavuka ndi kugwedezeka kwa ngolo. Mutu wonse unali mbuu.

Ndinayang'ana kumsika, uku ndi uku, kwa anthu onse aja. Dzanja langa linapita lokha. Ndinayamba kuwasasa m'mutu, kupukuta mwamphamvu, kumalovulira m'manja n'kupukutanso, monga anandichitira iwo kudimba. Sizinkachoka. Amayi anandigwira mkono ndi dzanja lawo lamoyo lija.

"Si ufa," anatero. "Zisiye."

Zinali imvi. Ndinawasiya ali ndi tsitsi lakuda bii, ndipo palibe anandiuza. Ndinaika nkhope m'tsitsi limenelo n'kulira mokweza pamsika, anthu akuona, ndipo wa foni uja akanafuna akanajambula.

Tinakhala nawo m'nyumba ya alendo mbali ya Malawi. Ndinkawasambitsa ndekha, kuwatembenuza, kuwadzoza mafuta pamsana ndi m'zidendene, monga ndinaphunzirira ku Drumcondra. Jasinta ankaima pakhomo kumaonerera, ndipo tsiku lina anandipempha ndimusonyeze kagwiridwe kake. Iwe unkawapesa imvi n'kumawafotokozera za sukulu m'Chingerezi, iwo n'kumavomera ngati akumva.

Amayi anandiuza kuti atabwerera anapeta phulusa la chigayo ndi lichero. Zimene anapeza anakulunga m'chitenje n'kuika pansi pa mtengo wa mapichesi. Manda amenewo sindinawaone, ndipo kaya ndidzawaona. Jasinta anati mtengo wa masuku uja anaupeza, miyala ilipo, afisi sanafukule.

Tsiku lobwerera anamanganso ng'ombe. Ndinawaperekeza mpaka pamene tara yayambira, n'kuima. Nthawi ino panalibe lole. Ndinaona ngolo ikuwoloka, ikukwera kanjira, ikulowa m'mabulugamu.

Pabwalo la ndege la Dublin mwamuna wa pawindo anatsegula kabuku kabuluu. Anaona chidindo cha Malawi, anandiyang'ana, anakuyang'ana iwe utagona paphewa panga, n'kundibwezera. Panja kunali kamvula. Tinakwera basi ya ku Swords.

Agogo ako aamuna ali pamapichesi. Lusia ali pansi pa miyala, ndipo akanakhala moyo bwenzi ali mtsikana woti n'kukubereka kumsana. Jasinta alipo, pakamwa pake sipanasinthe. Agogo ako aakazi alipo. Lamlungu akaimba foni savalanso duku.